Mtanda wa Rozita

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku lomwe abale a mkazi wanga anandisudzula. Rozita anamwalira m'dzinja, chaka chimene matenda otsegula m'mimba anayenda m'midzi ya ku Chidzolomondo, ndipo titakolola anachita mwambo wometa. Ine kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame, kumene timalima mbatatesi. Ku Chidzolomondo ndinali mkamwini. Munda womwe ndinkalima unali wa akuchikazi, nyumba ndinamanga ndi manja anga koma pamalo awo, ndipo mwana wathu mmodzi yekhayo, Madalena, amene anali atangoyamba kumene shikola, mwa mwambo wa kumeneko anali wawo.

Amene anayankhula anali alamu anga a Fabiyawo, mlongo wake wa Rozita.

"Alamu, mwakhala nafe bwino. M'nyumba mwanu sitinamvemo phokoso. Koma chimene chinakubweretsani kuno chapita, ndiye ndinu omasuka. Za mwanayu musade nkhawa, ali pakati pa eni ake."

Sanayankhule mwankhanza, ndipo misozi inali m'maso mwawo. Anachita zimene makolo awo ankachita. Kwathu munda wa bambo anga unali utagawidwa kale kwa abale anga, kotero ndinalibe pogwira khasu kuno kapena uko.

Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti ndikatsanzike kumanda. Kumeneko munthu salowa kumanda mmene wafunira. Umalowa pamaliro, kapena tsiku lija la mu Novembala limene Akatolika timakalambula, kapena utapempha n'kupatsidwa wokuperekeza. Anandiperekeza a Zakeyu, mkulu wa adzukulu amene anakumba manda a Rozita. Manda ake anali kumalire kwenikweni, pansi pa msuku waukulu. Mtanda unali wa bulugamu, ndinaukhoma ndekha, dzina n'kulemba ndi utoto wotsala pachitseko. Pambali pake panali mtumbira wina watsopano, wa mayi wina wa ku Malawi amene anabwera kudzagwira ganyu yosoka fodya n'kumwalira sabata yomweyo imene anamwalira Rozita. Abale ake sanabwere, ndipo dzina lake lenileni panalibe amene ankalidziwa. Anthu ankangoti Nafodya.

Ndinagwada n'kumuuza mkazi wanga kuti, "Naphiri, mtanda uwu chiswe chiudya. Ndikupita kukafuna chinthu chosadyeka, cholembedwa dzina lako, kuti mwana wathu adzadziwe pamene wagona."

Madalena ndinamusiya pakhonde akusenda nyemba ndi ana a malume ake. Anandifunsa ngati ku Joni ndi kutali kuposa ku Furancungo. Ndinati ndi kutali pang'ono. Anati ndikamugulire nsapato zomanga ndi zingwe.

Lero ndikulemba izi m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika wa ku Furancungo. Pakhomo ndimakonza mapulasitiki a mota, njinga zamoto za anyamata onyamula anthu, kuwotcherera pong'aluka ndi kupukuta magalasi a nyale amene achita khungu. Ndikalemba pang'ono ndimaima kuti nditsokomole. Chifuwachi ndinabwera nacho, ndipo ndifotokoza kumene ndinachitenga.

Miyezi yoyamba ku Joni ndinkatsuka magalimoto mumsewu, ndikugona m'chipinda chimodzi ndi anthu amene sindinkamva chiyankhulo chawo. Chimene chinandipulumutsa ndi misa. Ndinapeza tchalitchi kumene Lamulungu lina misa inkachitika m'Chipwitikizi, ndipo mzungu wina wachikulire amene anakhala patsogolo panga anatembenuka atamva ndikuyankha mapemphero. Anali patarau Rui, ndiye kuti bwana Rui, wobadwira ku Mozambiki konkuno, amene anasamuka ali mnyamata. Potuluka anandigwira manja, anawatembenuza uku ndi uku ngati akugula mbuzi, n'kundiuza kuti ndibwere Lolemba.

Ofisina yake, galaji imene anandiitanira, sinkakonza mainjini. Inkakonza khungu la njinga zamoto zazikulu zija za anthu olemera, zothamanga ngati mphezi, zimene mtengo wa imodzi ungamange tchalitchi kwathu. Zigamba zake zambiri, monga madigadi, chovindikira thanki, chotchinga tcheni ndi chotchinga moto wa ekizozi, sizinali zachitsulo kapena za pulasitiki. Zinali za karibono. Imeneyi ndi nsalu ya ulusi wakuda, yolukidwa ngati lichero, youmitsidwa ndi utomoni mpaka kulimba kuposa chitsulo, koma ukainyamula imapepuka ngati chikwa cha chimanga. Pamwamba amathirapo verenizi wowala ngati madzi, kuti kaluke kaja kazioneka pansi pake. Karibono sadyedwa ndi chiswe, sachita dzimbiri, saola. Chimene chimafa ndi vereniziyo. Dzuwa limamuwaula, amayamba chikasu, kenako khungu, kenako amasendeka ngati khungu la munthu wopsa. Eni njinga ankabwera nazo nkhope zili zakugwa ngati abwera ndi mwana wodwala. Ntchito yathu inali kupala verenizi wakufayo ndi kuthirapo watsopano.

Anandiphunzitsa ndi Wedisoni, mnyamata wamtali wa ku Ntcheu, amene mudzi wake ndi wanga unangolekanitsidwa ndi msewu wa malire. Tsiku loyamba lomwe anandipatsa dzina.

"Iwe Mpwitikizi, tabwera kuno. Kwanu mumati chiyani ichi?"

"Lisha."

"Lisha! Sandipepa uyu, m'bale wanga. Komabe itchule mmene ufunira, bola umve lamulo limodzi. Umapala ndi madzi. Madzi akamatsika oyera ngati mkaka, pitiriza, ukudya verenizi. Akangoyamba kuda, chotsa dzanja. Wafika pamnofu. Ulusi ukaudula sumeranso, ndipo mzungu uja akudula iweyo."

Ntchito yonse inagona pa lamulo limenelo. Umatsuka chigamba ndi sopo, umachotsa mafuta, umayamba ndi lisha yokhakhala, kenako yosalala, kenako yosalala kwambiri, dzanja lili lathyathyathya, maso ali pamadzi. M'makona ndi m'mphepete verenizi amakhala wopyapyala, ndipo pamenepo ndi pomwe atsopano onse amalakwitsa. Ukatha umafufuza timabowo tating'ono ngati maso a singano n'kutitseka ndi utomoni. Kenako umalowa m'kachipinda kothirira ndi pisitola ya mpweya, umathira kamodzi, umadikira, umathiranso, mpaka kaluke kaja kamire ngati mwala wa pansi pa mtsinje woyera. Chikauma umapalanso pang'ono n'kupukuta ndi makina mpaka uone nkhope yako. Ndinaikonda ntchitoyi. Siifuna mawu ambiri, ndipo ine ndinalibe mawu ambiri.

Koma si zonse zinkapalidwa ndi madzi. Podula ndi posalaza m'mphepete pankabuka fumbi lakuda losalala, loyabwa m'mikono ngati chitedze, lolowa m'mphuno mpaka malovu kuda. M'kachipinda kothirira fungo la verenizi linkakhala pachifuwa ngati mwala. Zotchinga kukamwa zinalipo, koma zosefera zake zinkasinthidwa ntchito ikachepa, ndipo ntchito sinkachepa. Wedisoni chake ankachikoleka pakhosi.

"Ichi chimanditsekera nthabwala," ankatero. "Munthu wosuta chingambwe kuyambira ali mwana angaope kafumbi aka?"

Loweruka iye ankapita kokamwa, ine ndinkachapa zovala. Lamulungu ndikachoka ku misa ndinkakhala pabedi ndi korona m'manja, ndikumva wailesi za anthu ena kudutsa m'khoma. Kusungulumwa kwa kumeneko si kusowa anthu, pakuti anthu ndi ambiri kuposa nyerere. Ndi kudwala malungo masiku atatu popanda wogogoda pachitseko. Wedisoni anayesetsa kundipezera mkazi.

"Mpwitikizi, pali mayi wina wogulitsa mandasi pakona paja, wa ku Angonia, amakufunsa. Kapena ukudikira kuti akudzoze upadiri?"

"Ndili ndi lonjezo lomwe sindinakwaniritse."

"Lonjezo kwa womwalira? Omwalirawo sathamanga, achimwene. Amoyo ndiwo amathawa."

Ndinaseka naye. Ankanena zoona, koma nthawi imeneyo sindinamve kuti akunena za mwana wanga.

Uthenga wa kumudzi unkadzera pa foni ya a Fabiyawo, ndipo kuti ayankhule ankayenera kukwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Mwezi ndi mwezi ndinkatumiza ndalama ya Madalena, ya makope, sopo ndi nsapato. Padera ndinasunga ya chiliza, ya simenti ndi mmisiri, ndipo itakwana ndinatumiza. Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chili m'mawondo. A Fabiyawo anaimba n'kunena mosabisa kuti, "Alamu, simenti ija tadya. Tikanamanga chiliza tikanakumba manda ena pambali pake." Ndinati achita bwino. Ndinasunganso, ndinatumizanso. Ulendo uwu Madalena anadwala mpaka kukagona kuchipatala ku Furancungo, ndipo yotsala inalowa ku feteleza wa fodya. Ulendo wachitatu sindinafunsenso kumene inapita.

Mawu a Madalena pafoni ankafupika chaka ndi chaka. Poyamba ankandiuza za aphunzitsi, za mbuzi imene yaswa, za dzino limene laguluka. Kenako zinangotsala izi: "Tili bwino, ababa. Mvula ikugwa. Malume akufuna ayankhule." Ndinkati ndipita pa Khirisimasi. Koma mapepala anga sanali olongosoka, ndipo amene ankapita kwawo nthawi zambiri pobwerera ankapeza wina ataima pamalo pake. Khirisimasi ikafika ndinkati ya chaka chamawa. Uthenga woti Madalena wakwatiwa ndinaumva nditaimirira pakati pa madigadi awiri onyowa.

Maganizo a mtanda anandifikira ndili pa mgolo wa zinyalala. Chigamba chilichonse chikabwera, patarau ankachigogoda ndi ndalama yachitsulo. Chamoyo chimalira kuti ngwe, ngwe. Chimene chasweka m'kati, ngakhale kunja chioneke bwino, chimayankha kuti phu, phu. Chotero sankalola kuti tichiwalitse, chifukwa kuwala kukanabisa ngozi, ndipo chinkapita kumgolo. Tsiku lina munagwa chigamba chachitali cha pansi pa injini, chosweka mbali imodzi yokha, ndi chotchinga tcheni chothyoka kumapeto. Ndinazigogoda ndekha. Pakati ponse panali pamoyo. Ndinapita nazo kwa patarau.

"Para quê, Bernardo?" anandifunsa kuti n'zachiyani.

Ndinamuuza za Rozita ndi za chiswe. Anatsegula kabati n'kundipatsa kabotolo ka utoto wagolide umene tinkalembera mizere pa mawilo.

Ndinaupanga pa nthawi ya nkhomaliro, pang'onopang'ono, miyezi yambiri. Ndinadula zidutswa ziwiri zowongoka, ndinazilumikiza ndi utomoni ndi nsalu yatsopano kumbuyo, ndinapala mpaka polumikizira posamveka ndi chala. Ndinathira verenizi kawiri, n'kulemba dzina ndi kaburashi kakang'ono, ROZITA NAPHIRI, kenako ndinathiranso pamwamba pake kangapo kuti dzinalo likhale m'kati, losafikirika ndi mvula kapena chikhadabo. Zilembo zinkaoneka ngati zikuyandama pamwamba pa ulusi wakuda. Pa zinthu zonse zimene zinadutsa m'manja mwanga kumeneko, palibe chimene chinawala ngati chimenecho.

Wedisoni anaunyamula ndi zala ziwiri. "Mpwitikizi, akazi ako akhala ndi mtanda wothamanga kuposa onse kumanda. Tsiku lachiweruzo adzafika oyamba." Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kutsokomolako sikunathe msanga. Anagwira tebulo, n'kulavulira m'kansalu, n'kukabisa m'thumba.

Anadwala chaka chathunthu. Anaonda mpaka ovolosi inkamuzungulira kawiri. Madokotala anatchula matenda angapo, ndipo ine sindine dokotala kuti ndinene kuti chinamupha ndi fumbi, fodya kapena china. Chimene ndikudziwa n'chakuti ankapuma ngati mvukuto wobooka. Anamwalira nthawi ya mliri ija, malire ali otseka, ndipo panalibe njira yotengera thupi ku Ntcheu. Tinamuika kumanda a boma kunja kwa mzinda, tilipo anthu owerengeka, titatalikirana. Dzenje linakumbidwa ndi makina. Pamutu pake anazikapo kachikhomo kachitsulo ka nambala. Amayi ake anamvera mwambo wonse pafoni ya mnzathu wina, ndipo mawu amene ndinawamva kuchokera m'fonimo anali funso limodzi lokha: "Pali mtengo pafupi? Tikadzabwera tidzapadziwa bwanji?"

Panalibe mtengo. Panali mizere ya zikhomo mpaka kumene maso amalekezera.

Chaka chomwecho nanenso ndinayamba kudzuka ndi chifuwa cholemera. Malire atatsegulidwa ndinamuuza patarau kuti ndikupita. Sanandiletse. Anandipatsa mpukutu wa lisha za mitundu yonse, akuti mwina kwanu zikakuthandiza.

Mtanda ndinaukulunga m'bulangete n'kuusunga pamiyendo ulendo wonse, m'basi mpaka ku Tete, mu chapa, kaminibasi ka kwathu, mpaka ku Furancungo, pa mota mpaka ku Chidzolomondo. Ndili pa mota paja ndinkafunafuna mapiri amene ndinawasiya ali ndi nkhalango. Anali ometedwa mpala. Paliponse panali zigafa za fodya ndi milu ya nkhuni.

Madalena ndinamupeza pamtondo, mwana ali kumbuyo. Ndinamuzindikira chifukwa cha mapewa, anali a mayi ake. Anaika musi pansi, anayala mphasa, anagwada patali n'kuwomba m'manja.

"Mwayenda bwanji, ababa?"

Anandipatsa moni woyenera, wopanda cholakwika chilichonse, moni umene amapatsa akatekisita akabwera kudzayendera mudzi. Anandiphera nkhuku, ndipo ndinadya ndekha m'nyumba monga mlendo. A Fabiyawo anabwera akutsimphina, atakalamba kuposa zaka zawo, malaya ong'ambika paphewa. Ndinayang'ana nyumba yawo yaudzu ndi ana awo, ndipo ndinaona kuti ndalama zanga sizinanenepetse munthu aliyense. Zinangodutsa, monga madzi pamchenga.

Nditafunyulula bulangete anthu anasonkhana. A Fabiyawo anaunyamula mtandawo mokonzekera kulemera, dzanja n'kuuluka m'mwamba.

"Alamu, ichi n'chitsulo kapena chikopa cha njoka?"

"Chiswe sichidya chimenechi, alamu."

"Chiswe cha ku Joni mwina. Cha kuno chinadya mpini wa khasu langa ndili chigwirire."

Anthu anaseka. Madalena sanaseke. Anapukuta dzanja pachitenje n'kuyendetsa chala pa zilembo zija, chimodzichimodzi.

Tinapempha chilolezo, ndipo m'mawa wa tsiku lachitatu tinalowa kumanda anthu anayi: ine, Madalena, a Fabiyawo ndi a Zakeyu, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, diso limodzi litachita ng'ala. Ndinkayenda ndikuyang'ana m'mwamba, kufuna msuku uja. Kunalibe. A Fabiyawo anati unali kumalire, ndiye anthu ena anati suli m'manda, anaudula n'kukawotchera fodya, chitsa chake n'kupsa ndi moto wa osaka mbewa. Moto womwewo unadya mitanda imene chiswe chinasiya. Manda nawo anali atakula. Pamene ndinasiya malire tsopano panali pakati, mitumbira mbali zonse.

Madalena ndiye anatitsogolera. Anaima pa mitumbira iwiri yoyandikana, yotitimira pafupifupi kufanana ndi nthaka. Pozungulira ponse panali thengo, koma iwiriyi inali yolambulidwa bwino, yonse mofanana.

"Ndi uwu wakumanzere," anatero a Fabiyawo. "Ndinanyamula nawo bokosi."

"Iyayi, Fabiyawo," anatero a Zakeyu. "Unanyamula uli kulira, sunkaona pansi. Ndinakumba ndine. Mlongo wako tinamuika kufupi ndi mtengo. Wakumanzereyu ndi Nafodya."

"Nanga mtengowo unali mbali iti, akulu?"

A Zakeyu analoza ndi ndodo, kenako anaitembenuzira kwina, kenako anaitsitsa. "Sabata imeneyo tinakumba manda ambiri," anatero motsitsa mawu. "Anzanga amene ndinakumba nawo onse ali momwemuno."

Onse anatembenukira kwa ine. "Alamu, inu ndinu mwamuna wake. Munagwada pano."

Ndinagwadadi pamenepo. Kwa zaka zonse zija malowo ndinkawaona ndikatseka maso: msuku, mthunzi wake, mtanda wa bulugamu. Koma chimene ndinasunga m'mutu chinali mtengo ndi mtanda, ndipo zonse ziwiri kunalibe. Ndinazungulira, ndinaima uku, ndinaima uko, ndinayang'ana kumene dzuwa limatulukira. Ndinapemphera chamumtima kuti ndipatsidwe chizindikiro. Dothi linali dothi basi.

"Sindikudziwa," ndinatero.

A Fabiyawo anati tingozika pa umodzi, Mulungu adziwa yekha. A Zakeyu anakana, osati mokalipa koma mwamantha.

"Dzina la munthu saika pa munthu wina. Mukalakwitsa, mlendoyu mwamuveka dzina la eni, ndipo mwana wathu mwamusiya wopanda kanthu pambali pa dzina lake lomwe. Onse awiri sagona. Ine zimenezo sindivomereza, ndatsala pang'ono kukakumana nawo."

Apo ndi pamene Madalena anayankhula, maso ali pansi.

"Ine ndinayamba kulowa muno nditakula, mitanda itapsa kale. Ndinafunsa malume, anandiuza uwu. Ndinafunsa agogo awa, anandiuza uwo. Ndiye Novembala aliyense ndimalambula yonse iwiri. Ndinkati ababa akadzabwera adzandiuza." Anakonza nsalu ya mwana kumbuyo. "Ndinkadikira inuyo, osati chinthuchi."

Sananene mokwiya. Zikanakhala zopepuka akanakwiya.

Tinabwerera kumudzi ndi mtanda wathu. Masiku awiri unatsamira khoma m'nyumba ya Madalena, dzina likuwala m'chisisira cha m'nyumbamo. Tsiku lachitatu ndinapita kwa a Zakeyu kukafunsa ngati mtanda wopanda dzina ungaime pakati pa mitumbira iwiri. Anandiyankha kuti mtanda ndi wa Ambuye, sulakwira munthu.

Ndinatulutsa lisha zija za patarau. Ndinakhala pakhonde, mtanda pamiyendo, beseni pansi, n'kumupempha Madalena kuti azindithirira madzi ndi chikho. Dzina linali pansi pa verenizi wochindikala, ndipo pansi pa dzinalo panali verenizi wopyapyala, kenako ulusi. Ndinayenera kudutsa woyambayo, kudya dzina, n'kuima ndisanafike pamnofu.

"Uziyang'ana madziwo," ndinamuuza. "Akayamba kuda undiuze. Maso anga si akale."

Madzi anatsika oyera ngati mkaka nthawi yaitali. Kenako munayamba kuoneka timiyala tagolide, tonyezimira. Chilembo choyamba kupita chinali R. Ndinkapala pang'onopang'ono kuposa mmene ndinapalirapo njinga ya munthu wolemera aliyense. Chifuwa chikandigwira ndinkaima, iye n'kudikira ndi chikho m'manja. Tili pakati pa ntchito anandifunsa, osandiyang'ana, ngati mayi ake ankaimba. Ndinati ankaimba mokweza kwambiri ndipo nthawi zambiri ankasochera, moti akwaya ankamuika kumbuyo. Anafunsa ngati ankakalipa. Ndinati ankakalipira mbuzi, osati anthu. Anafunsa zina, ndipo ndinayankha zonse zimene ndinkakumbukira, madzi akutsikira m'beseni. Zimenezi malume ake akanatha kumuuza, koma anali asanafunsepo munthu.

"Basi, ababa," anatero mwadzidzidzi. "Pakona apo ayamba kuda."

Ndinachotsa dzanja. Anaona bwino. Dzina linali litatha, ulusi uli wamoyo.

Ndinanyamula beseni kuti ndikataye kuseri, koma anandigwira mkono. Aka kanali koyamba kundikhudza chibwerereni. Anatenga chigubu chopanda kanthu, anatsanuliramo madzi onse aja mosamala, n'kutsukuluza beseni kuti kagolide kalikonse kalowe.

Verenizi wa pisitola kuno kulibe. Ndinagula wa m'chitini chopopera kumsika wa ku Furancungo, amene anyamata amathira pa mota zawo. Sawala ngati uja, ndipo ndinkadziwa kuti dzuwa la kuno silimuchedwera. Atauma tinabwerera kumanda anthu anayi omwe aja. Ndinakumba pakati penipeni pa mitumbira iwiri, ndinazika mtanda, ndinatsendera ndi miyala. A Zakeyu anayambitsa Atate Athu. Titamaliza, Madalena anatsegula chigubu chija, anachikhutchumula, n'kuthira theka pa mtumbira wakumanzere, theka pa wakumanja. Anayang'ana m'chigubu, anaona kuti mwatsala pang'ono, n'kugawanso pawiri. Dothi linamwa madziwo, timiyala tagolide n'kutsala pamwamba.

Ku Chidzolomondo sindingakhale, ndine mkamwini wosudzulidwa, ndipo tsiku langa likadzafika adzandinyamula kupita ku Ntengo-Wambalame, kutali ndi onse awiri, mayi ndi mwana. N'chifukwa chake ndinasankha Furancungo, pamene mota imandifikitsa ku Chidzolomondo tsiku lomwelo. Novembala wapitawu ndinapita kukalambula. Mtanda unali chilili, chiswe chinaumba dothi lake m'munsi n'kuusiya. Koma verenizi wayamba kale chikasu kumbali ya kotulukira dzuwa. Ndinanyamula lisha ndi botolo la madzi kuti ndipale, koma nditagwada chifuwa chinandikana. Madalena anamasula mwana n'kundipatsa kuti ndimunyamule, anatenga lisha m'dzanja langa, anainyowetsa, n'kugwada pakati pa mayi ake ndi mlendo uja. Sanandifunse poyambira kapena polekera.